Mimba ya ku Chikale

Pali nkhani imene abale anga amaikamba pa ukwati uliwonse, ndipo aliyense amathirako mchere wake. Ndatopa nazo. Lero ndiikamba ndekha mwini manyazi. Museke, koma musekere m'manja, ndine mayi wa ana awiri.

Dzina langa ndine Wezi. Ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Nkhata Bay, kumtunda kuja koti potsikira kumsika mawondo amadandaula, pobwerera amatukwana. Adadi, a Longwe, ndi Mtonga weniweni, mkulu wa mpingo, ndipo anapuma pa ntchito yophunzitsa ukalipentala ku sekondale. Amayi anali a ku Dedza, namwino amene anabwera pa transifa n'kukodwa komweko. Motero pakhomo pathu tinkayankhula Chichewa. Chitonga changa chimathera pa moni ndi kunenerera nsomba.

Amayi atamwalira, Adadi anazima. Munthu amene ankati akakhalira mpando wogwedera kwa eni ake ankabwerera kunyumba kukatenga hamala, anayamba kungokhala pakhonde, kuyang'ana nkhuku. Kenako BP inakwera. Dokotala anati asamagwire ntchito zolemetsa, ine n'kuwonjezapo lamulo langa. Ndinasonkhanitsa sowo, matchizulo ndi zida zonse, n'kupita nazo ku Lilongwe. M'malo mwake ndinawagulira foni yaikulu kuti azionera makwaya.

Nditabwera pa holide chaka chotsatira, ndinapeza munthu wina. Ndevu zometa. Malaya osita. Likhweru m'bafa! M'mawa uliwonse ankavala chipewa n'kunena kuti akukawongola miyendo, ndipo pobwera ankadya mpaka kupempha zowonjezera. Ndinathokoza Mulungu.

Kuthokozako sikunakhalitse.

Tsiku lina m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuyanika zovala. Adadi anali patsinde pa mango, akuyankhula pafoni ndi a Makwinja, mnzawo wa ku Mulanje amene amagwira ntchito paboma. Mukudziwa mmene achikulire amayankhulira pafoni, ngati winayo ali kutsidya kwa nyanja.

"Wa ku Mwaya uja? Iyayi achimwene, ndinakaona ndekha. Wokongola inde, koma ngwanthete. Wotero sachedwa kukugwiritsa mwala."

Ndinatchera khutu.

"Wa ku Chikale ndiye wandigwira mtima. Wokhwima bwino, wowongoka, wopanda chilema paliponse. Dzulo ndinachita kusisita ndi manja angawa. Kusalala kwake, inu!"

Pegi inagwa m'manja mwanga.

"Mimba? Aaa, mimba ndiye yapezeka, achimwene! Imeneyo musaidandaule. Inetu ndimaopa kuti pa msinkhu wangawu sindingathenso, koma zatheka!"

Anaseka. Mkulu wa mpingo, kuseka!

"Chatsala n'kumanga basi. Koma Wezi asamve. Akangomva andiletsa, mukumudziwa uja ndi nkhani zake za BP."

Ndinapezeka ndakhala pa ndowa. Ndowayo inali ndi madzi, koma ndinazindikira mochedwa.

Masana tikudya ndinawayesa.

"Adadi, ku Chikale kuli bwanji masiku ano?"

Munga wa nsomba ya batala unawaima pakhosi. Anatsokomola, namwa madzi, nayang'ana kudenga.

"Ku Chikale? Kuli... mchenga."

"Mchenga wokha?"

"Ndi madzi."

Basi, mlandu unathera pomwepo. Ndinatsuka mbale mokalipa, n'kutsetsereka kupita kwa Ankhazi, mlongo wawo wa Adadi, amene amakhala kufupi ndi msika. Ankhazi anali kalaliki paboma zaka zambiri, ndipo mpaka lero akamamvera nkhani amakhala ngati akuilemba.

Nditafika pa mawu oti mimba, anavula magalasi.

"Chiuta wangu! Wanena kuti chiyani?"

"Yapezeka, Ankhazi. Ndamva ndi makutu angawa."

"Ndiye chifukwa chake! Anthu akhala akundiuza kuti bambo ako amalowa kwa aNyaMhone, amasiye a mmisiri wa maboti uja. Ine ndimati akukayendera nkhosa za mpingo."

"ANyaMhone ndi a msinkhu wanji?"

"Wangawu. Ayi, si iwo. Kuyenera kuti kwabwera kamdzukulu kochokera ku Mzuzu. Atsikana a masiku ano akangomva fungo la penshoni! Mawa tipite kwa abusa."

Ndinavomera. Ndinakwera chitunda chija ndikukonza mawu oti ndikawalase nawo Adadi.

Koma m'mawa mwake nditadzuka ndinapeza kapu ya tiyi patebulo, yovundikira ndi kambale kuti isazizire, monga ankachitira Amayi. Pakhonde Adadi anali kupolisha nsapato, akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi imene ndinali ndisanaimve m'kamwa mwawo chichokereni kumanda. Ndinaima pazenera ndikuwayang'ana. Khosi lawo linali litaonda. Manja amenewo ndi amene ankasambitsa Amayi pamene matenda anakula, kuwadyetsa phala ndi supuni, kuwatembenuza pabedi. Ife ana tinkangoimba foni n'kufunsa kuti kwacha bwanji. Holide ikatha ine ndikwera basi, kubwerera kwa amuna anga ndi ana anga. Iwo atsala ndi makoma.

Nanga mwana akubwerayo walakwanji? Si magazi athu omwe?

Ndinalira pang'ono, ndinamwa tiyi uja, n'kupita kwa Ankhazi.

"Kwa abusa sitipita."

"Iwe!"

"Tipita ku Chikale, koma mwaulemu. Ngati Adadi apeza wowasekerera, ine sindikhala chitsa panjira. Tikamulandire munthuyo."

Ankhazi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Watengera amayi ako. Chabwino. Koma nkhuku ndigwira ine, tisakaoneke ngati anthu opanda kwawo."

Tinayambira pa kaunjika. Ndinasankha shawelo yoyera, timalaya, tizipewa, ndi timasokosi tating'ono ngati makutu a mphaka. Ndinagulanso beseni lalikulu lapinki ndi matewera. Mayi wogulitsayo anandiyang'ana pamimba.

"Zabwino zonse, sisi. Simukuoneka n'komwe!"

"Si zanga. Ndi za mng'ono wanga."

"Oo, mng'ono wanu ndi woyembekezera?"

"Ayi. Mng'ono wangayo ndi amene akuyembekezeredwa."

Mayiyo anayang'ana imvi ziwiri zimene zili pamphumi pangapa, anayang'ana Ankhazi, n'kuitana mnzake wa pa benchi ina. Ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa. Tisanatuluke mumsika, ogulitsa usipa anali atayamba kale kutipatsa moni wa manja awiri.

Njira ya ku Chikale ndi ya miyendo. Tangoganizani: ine, nsapato za ku ofesi, beseni lapinki pamutu, thukuta kamukamu. Kumbuyo Ankhazi ndi tambala m'khwapa, akupuma ngati pampu ya njinga. Adadi anali atatsogola kale m'mawa kukawongola miyendo yawo ija.

Tinafika pa kanyumba ka njerwa kokhala ndi shedi yamalata kumbali, ndi boti lakale lovundikira pansi. Pabwalo mayi wina wa imvi mbuu, wovala magalasi omangirira ndi ulusi, ankayanika chinangwa pa thandala. Amenewo ndiwo anali aNyaMhone. Anatilandira mwansangala, natiyalira mkeka. Iwo ndi Ankhazi anapatsana moni wautali wa Chitonga, ine maso ali mwamba kufunafuna kamtsikana ka ku Mzuzu.

Pachingwe panali zitenje za munthu mmodzi. Pakhomo, patapata wa munthu mmodzi.

"Amama, mumakhala ndi ndani pano?" ndinafunsa.

"Ndekha, mwana wangu. Ana onse ali ku Joni."

"Palibe mdzukulu? Kapena mlendo?"

"Mlendo ndi bambo ako basi. Ali mushedimo."

Ankhazi ananditsina pantchafu. Tonse awiri tinayang'ana pamimba pa aNyaMhone. Chitenje anachimanga pawiri, ndipo kunena zoona, kanalipo kena kake kotukuka.

"Mulungu salephera," Ankhazi anandinong'oneza.

Ndinaona kuti pobwerera palibe. Ndinagwada bwinobwino, ndinakankhira beseni patsogolo pawo, n'kuyamba mawu amene ndinawakonza njira yonse.

"Amama, ine ndine Wezi, mwana woyamba wa a Longwe. Nkhani yonse taimva. Sitinabwere ndi nkhondo. Bambo athu avutika nthawi yaitali, ndipo inu mwawabwezera chimwemwe. Ife talandira ndi manja awiri. Musachite manyazi, ndipo za sikelo musadandaule, ndiziona ine."

ANyaMhone anasuzumira m'beseni. Anatola kachipewa, nakatembenuza.

"Sikelo ya chiyani?"

"Ya mimbayo, amama."

"Mimba?"

"Nthumbo, ama, nthumbo!" Ankhazi anamasulira, ngati vuto linali chiyankhulo.

"Ya ndani?"

"Yanu."

Ngakhale tambala uja anasiya kuphupha. ANyaMhone anadziyang'ana pamimba, anapisa dzanja m'chitenje, natulutsa foni ndi mpango wokulungamo mtedza. Kotukuka kaja kanaphwa pomwepo.

Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka magalasi anagwera m'chinangwa. Anaseka chogona chammbali, akumenya mkeka ndi chikhatho.

"A Longwe! A Longwe, tatulukani! Mwana wanu wabwera kudzandiperekeza ku matenite!"

Adadi anatuluka mushedi atavala epuloni ya malemu mmisiri wa maboti uja, utuchi uli m'tsitsi ndi m'nsidze. M'manja anali ndi kathabwa kakatali, kopyapyala. Atangondiona anakabisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga, koma kanali kakatali moti kanatulukira pamwamba pa mutu.

"Wezi, ndilole ndifotokoze. Sindikunyamula zolemera. Mankhwala ndikumwa. Ndimapala pang'ono n'kupuma, afunse aNyaMhone."

"Adadi, musabise. Ndinamva zonse pafoni. Munati mimba yapezeka."

"Eya, yapezekadi."

"Ili kuti?"

Anatulutsa kathabwa kaja kumbuyo, nakanyamula ndi manja awiri ngati khanda.

"Ndi iyi."

Ndikanakonda nthaka ya ku Chikale ikanakhala yofewa kuposa mmene ilili, kuti indimeze.

Anatilowetsa mushedi, ndipo nkhani inatuluka yonse. Pafoni imene ndinawagulira ya makwaya ija, anapezamo mavidiyo a anthu a maiko akutali akupanga mauta pamanja. Ali mnyamata, Adadi ankasema uta wa mtengo umodzi, wolasira mbalame kumunda, koma unkati ukagwira ntchito pang'ono n'kutheratu mphamvu, kukhala wopindika ngati nkhalamba. Anthu a m'mavidiyowo ankamata mitengo iwiri yosiyana kukhala uta umodzi. Mphunzitsi wa ukalipentala ataona zimenezo, tulo tinatha.

Ndipo akayamba kuphunzitsa Adadi, ngakhale uli pakati pa manyazi, umamvera.

"Uta uli ndi mbali ziwiri," anatero. "Mbali yoyang'ana kumene ukulasa ndi msana. Ukakoka chingwe, msana umatamuka. Pamenepo pafunika nsungwi, yokhwima, ya mfundo zotalikirana. Imeneyo a Makwinja akundibweretsera kuchokera kwawo. Mbali yoyang'ana kwa iwe wolasa ndi mimba. Ukakoka, mimba imafinyika. Ikakhala ya mtengo wofooka imachita makwinya, uta n'kufa. Ndiye pafunika mtengo wolemera, wouma mpaka mumtima, wopanda mfundo, mizere yake yoyenda mowongoka kuchokera uku kukafika uko."

Anatilozera pakona pamene panali mulu wa timatabwa tothyoka.

"Paini ndinangoyesa mwaulemu, ndi bisiketi. Mbawa ndi wabwino pa chitseko, koma apa anachita makwinya tsiku loyamba. Gwafa ali ndi mtima, koma ndi wamfupi, ndipo mfundo ndiye thoo."

"Nanga wa ku Mwaya?" ndinafunsa ndi mawu aang'ono. "Wokongola koma wanthete uja?"

"Bulugamu. Anali atangodulidwa kumene, madzi okhaokha. Akanauma akanapotoka."

Poyambirira penipeni anakumbukira kuti malemu amuna a aNyaMhone ankasunga matabwa kudenga kwa shedi yawo. Anabwera kudzapempha, aNyaMhone n'kuwauza kuti asankhe okha, ndi zida zomwe agwiritse ntchito, zikungodya dzimbiri. Patapita miyezi akuyesa mitengo ina ija, kuseri kwa matabwa a maboti anapezako limodzi la muwanga, limene linakhala pamthunzi zaka zambirimbiri.

"Tamvera," anatero Adadi. Anakagwira kathabwako ndi zala ziwiri n'kukagogoda ndi chikhadabo. Kanalira ngati belu laling'ono. "Wauwisi salira chonchi. Tagwira."

Ndinagwira. Ndinasisita. Anthu inu, kusalala kwake!

"Ndiye kumanga kuja?" anafunsa Ankhazi, amene anali asanatayebe mtima pa za ukwati.

"Guluu. Upaka mbali zonse, uphatikiza nsungwi ndi muwanga, n'kukulunga ndi mphira za chubu cha njinga, zolimba, mpaka ziume. Pogwirira ndiikapo kachidutswa ka mlombwa, kuti kakongoletse."

Apa m'pamene maso awo anagwera pa beseni lapinki, limene aNyaMhone anali atalowa nalo mushedi kuti nkhani isawapite. Adadi anaika muwanga wawo pa benchi. Anatola shawelo. Anatola thewera. Anatola kasokosi kamodzi, nakaveka ku chala chawo chachikulu chokhala ndi zipsera za tchizulo.

Ndinaona nkhope yawo ikuwerenga nkhani yonse kuyambira patsinde pa mango paja.

"Wezi. Iwe unaganiza kuti ine..."

"Pepani, Adadi."

"Pa msinkhu uno?"

"Munanena nokha kuti zatheka."

ANyaMhone anayambiranso kuseka, atagwira mzati. Koma Adadi sanaseke. Ankangoyang'ana kasokosi kaja.

"Ndiye utamva zimenezo, unabwera ndi izi? Osati ndi abusa?"

"Za abusa ndinakonza ine," anatero Ankhazi. "Uyu anakana. Anati tikamulandire munthuyo."

Adadi anakhala pa benchi pang'onopang'ono. Anavula chipewa, nachiika pabondo. M'maso mwawo munali mutalengeza misozi, ndipo sanaibise.

"Ine ndimabisa thabwa, kuopa kuti undikalipira," anatero. "Osadziwa kuti ndikanabwera ndi chachikulu kuposa thabwa, ukanandigulira beseni."

Ndinakhala pambali pawo, pa utuchi pomwepo, n'kutsamira phewa lawo. Linkanunkhira thukuta ndi matabwa, fungo la Adadi amene ndinakula nawo. Ndinawauza kuti apitirize uta wawo, bola azipuma. Anavomera ndi mutu.

Kenako aNyaMhone anasiya mzati uja. Anatenga beseni lija n'kuliika pamutu, ndi tambala yemwe n'kumulanda m'khwapa mwa Ankhazi.

"Izi zalowa pakhomo panga, sizibwerera. Beseni ndivikamo chinangwa, tambala tidya tonse masana ano. Yewu, mwana wangu, wandilemekeza." Anafika pakhomo pa shedi, natembenuka. "Koma poti wabwera ndi ankhazi ako, ndipo wagwada kale, ndikutume. Uwauze bambo akowa kuti mimba imayamba ndi moni. Munthu miyezi yonseyi akubwera pano m'mawa uliwonse, malaya osita, ndevu zometa, ine n'kumaphika tiyi, n'kumavala chitenje chatsopano. Iye kulowa mushedi, kukasisita thabwa!"

Adadi anayang'ana muwanga wawo, koma muwanga sunawathandize. Kasokosi kanali kakadali kuchala.

M'mawa mwake anapitanso kukawongola miyendo. Anavala tayi, ndipo aNyaMhone akuti tsiku limenelo shedi sinatsekulidwe.

Ine phunziro ndinatolapo limodzi lokha: ukamva pafoni kuti mimba yapezeka, usanagule matewera, yamba wafunsa ngati mwini wake amapuma.